Bawo ya pazenera

Ndikukumbukira chaka chimene agogo a Nampuluma anatuluka m'chipatala atadwala chibayo. Sanali agogo anga enieni. Anali telala wokalamba woyandikana nafe ku Ndirande, wochokera ku Mozambiki, wopanda mwana ngakhale mbale. Matendawo atawasiya mafupa okhaokha, masisitere anawatenga kukawasunga ku nyumba ya okalamba ku Chilomoni. Loweruka lililonse ndinkapita kumeneko ndi mayi, chifukwa agogowo ndiwo anandiphunzitsa bawo, ndipo ndinali ndisanawagonjetsepo.

Loweruka lina m'nyengo yozizira, chiperoni chitakuta phiri la Michiru, ndinafika ndili ndi chimfine, mamina ali chuchuchu. Sisitere wina wamfupi, wa mawu akuthwa, anatitsekereza pakhomo.

"Uyu salowa," anatero. "Chifuwa cha agogo ake sichinalimbe. Chimfine cha mwana kwa iwo n'chibayo, ndipo chikawabwerera sindikudziwa ngati angadzukenso."

Ndinalira ngati ndamenyedwa. Mayi analowa okha, ndipo posakhalitsa ndinamva agogo akukalipa m'katimo.

"Asisitere, ine nkhondo ndinaithawa wapansi, ndiye lero ndiope mamina a mwana?"

Sisitereyo sanatekeseke, koma mtima anali nawo. Anatulutsa bawo ya agogo n'kuiika pampando kunja, pansi pa zenera lawo. Kenako anawafunditsa bulangete, n'kuwakhazika m'kati, zenera lili chitsekere. Agogo ankagogoda galasi ndi chala kuloza dzenje limene akufuna, ine n'kumayendetsa njere zawo ndi zanga zomwe.

Abale, palibe chowawa ngati kudzidya wekha ndi dzanja lako! Ndinkatola njere zanga kupatsa mdani, iye akuseka mpaka galasi kuchita nthunzi, n'kumalipukuta ndi chipewa. Kumbuyo kwawo kunadzaza madala ena, aliyense ndi nzeru zake. Mawu sindinkawamva, ndinkangoona pakamwa pakuyasamayasama ngati nsomba. Zala zanga zinauma ndi mphepo, fungo la phala likutuluka kukhitchini, koma sindinafune kuchoka. Anandigonjetsa ndithu.

Tinkasewera choncho mpaka chimfine chinatheratu. Kuzizira kunapita, chibayo osawabwerera. Tsiku limene anandilola kulowa ndinathamanga kukawapatsa moni wa m'manja, iwo n'kundiyang'ana monyodola.

"Bwerera panja, iwe. Kuja manja anga ankapuma."

Anakhala zaka zina zingapo akundidyabe, ndipo pomwalira anandisiyira bawo ija.

Masiku ano zinthu zinasintha. Kuli zophimba kukamwa, kuli mafoni oti munthu n'kumaonana ndi wodwala uli kutali. Nkhalamba ya pakhomo tsopano ndi mayi anga, amene ndikukhala nawo ku Machinjiri, ndipo chaka chatha chibayo chinatsala pang'ono kuwatenga. Ndimaopa kwambiri, sindibisa. Mwana wanga wamkazi akangotsokomola, sisitere ndimakhala ine. Mayi amakalipa kuti ndikuwamana mdzukulu, foni amaikankhira uko. Ndiye ndimapukuta fumbi pa bawo ya agogo n'kuiika pansi pa zenera lawo. Mayi bawo saidziwa n'komwe, koma mukanaona mmene amagogodera galasi.