Firmino ndi Phiri la Zóbuè

Firmino anali mkamwini, ndipo mkamwini woferedwa sakhalitsa pamudzi. Mkazi wake Noémia anamwalira ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo. Mtendere utabwera, Firmino anabwerera kuchikamwini ku Zóbuè ndi ana ake awiri, n'kuyamba kulima munda wa malemuyo ngati palibe chachitika.

Munthuyo sankamwa, sankayankhula zambiri. Chotisowetsa mtendere chinali chimodzi: pa Dumingu lililonse, tsiku la Mulungu, misa ikatha, ankakwera phiri yekhayekha, phiri lomwe ngakhale mbuzi tinkaziletsa poopa mabomba okwirira. Ankadziwa bwanji poponda? Ena ankati anawakwirira ndi iyeyo. Ena ankati anabisa mfuti kuphanga. Ine ndinkati pali mkazi, chifukwa amuna ndimawadziwa.

Laurindo, mlongo wake wa Noémia, zinamukwana. Anati amusudzula abwerere kwawo ku Moatize, ana atsale, koma ankafuna adzionere kaye ndi maso.

Dumingu lotsatira anamulondola mozemba. Njirayo ndi yaifupi koma yoimirira, bondo limachita kugunda chibwano. Laurindo ankaponda ndendende pomwe waponda mlamu wake, thukuta lili kamukamu. Kuphanga Firmino sanakhotereko. Anafika pathanthwe la pamwamba, navula chipewa n'kukhala pansi. Pamenepo msewu wa ku Tete umaoneka ngati ulusi, ndipo midzi ya kutsidya kwa malire imaoneka yonse.

Osacheuka n'komwe, Firmino anati, "Khalani pansi, alamu. Ndakumvani kuyambira m'munsi."

Anamuuza kuti njirayo ndi yomwe anathawira ndi Noémia, ana ali kumsana. Kenako analoza kachitunda ka mitengo yowirira kumbali ya Malawi. Pamenepo ndi pomwe anaika mkazi wakeyo. Nthawi ya malirowo nkhondo inali itamutsekereza Laurindo ku Tete, ndipo manda a mlongo wake anali asanawaonepo.

"Ndikudziwa kuti mukufuna kundisudzula," anatero Firmino. "Mwambo sindikukana. Koma ku Moatize n'kuchigwa. Kumeneko sindidzamuonanso."

Anatsika limodzi dzuwa litapendeka. Tinamuunjirira Laurindo kuti atiuze zomwe wapeza, iye anangoti miyendo ikumupweteka. Zoona zake zitadzamveka pambuyo pake, manyazi anatigwira ena, ena amanong'onabe mpaka lero. Koma za chisudzulo Laurindo sanazitchulenso. Ana anakulira m'manja mwa bambo awo, ndipo Firmino wachita imvi pamudzi pathu akadali mwamuna wa Noémia.