Atsibweni Zuze ndi Sitolo ya a Pinto

Nsalu yatsopano ili ndi fungo lake, fungo la utoto ndi la bokosi limene yayendamo ulendo wautali. Pakhonde la sitolo ya a Pinto ku Nsanje, fungo limeneli linkasakanikirana ndi la nsomba zamchere za bakayawo, la mafuta a makina osokera ndi la fumbi lotentha lochokera kunjanji. Bambo anga anali telala pakhondepo. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pansi pambali pa makina awo n'kumatola tizidutswa ta nsalu toveka ana anga adongo.

Sitoloyo inali yatsopano. A Pinto anali Mpwitikizi wamfupi, wa thukuta losatha, amene anabwera pa sitima kuchokera ku Beira. Pasanathe chaka anali atamanga sitolo, chigayo ndi nyumba yaikulu yamalata yosungiramo thonje. Chisena ankachiyankhula ngati wobadwira m'mudzi. Makina amene bambo ankasokera anali a a Pintowo, ndipo athu akale, amene ankadula ulusi pafupipafupi, tinawalowetsa pansi pa bedi. Akuluakulu a boma ndi a chipani ankabwera kudzacheza kuseri kwa sitolo pansi pa mtengo wa bwemba, n'kumatuluka atapanira m'khwapa mabotolo okulungidwa m'mapepala. Anthu ankati Nsanje yadzuka.

Chilimwe cha chaka chimenecho chinabwera ndi ukali. Dzuwa likangokwera pang'ono, mchenga unkaotcha mapazi moti popita kusukulu tinkathamanga kuchoka pamthunzi wina kukafika pa wina. Mbuzi zinkapumira m'mwamba pansi pa nkhokwe. Mphepo yochokera kudambo la Ndindi inkabwera yotentha, yonunkha matope ouma ndi utsi wa milamba imene asodzi ankawamba. Masana mitambo inkasonkhana pamwamba pa mapiri a kumadzulo, kenako n'kubalalika osagwetsa kadontho.

M'masiku amenewo ndi m'mene atsibweni Zuze, mlongo wawo wa amayi, anaoloka Shire pabwato la asodzi. Kwawo kwa amayi kunali kutsidya, m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, ndipo kumeneko kunali nkhondo. Atsibweni anali mphunzitsi, ndipo asilikali ankawafuna ndi dzina chifukwa ankalembera makalata anyamata omenyera ufulu amene anali kutchire. Anafika m'mawa wina ndi mapazi ong'ambika, malaya amodzi ndi wailesi yaing'ono yobisidwa m'thumba la ufa. Amayi anawayalira mphasa m'kanyumba ka kuseri kosungiramo mapira. Kenako anandigwira mapewa n'kundiuza kuti wina aliyense akafunsa, kwathu kulibe mlendo.

Kuyambira tsikulo pakhomo pathu panalibe wokhazikika. Njinga ikamadutsa pamsewu, amayi ankaimitsa munsi m'mwamba mpaka itapita. Bambo ankadya choimirira. Atsibweni nawo sankatha kukhala pansi. Kanyumbako kanali kopapatiza, koma ankayendamo uku ndi uku tsiku lonse, masitepe atatu kupita, atatu kubwerera. Ndikawapititsira madzi ankandikhazika pathumba la mapira n'kumandilembera mawu a Chipwitikizi pafumbi, kenako n'kufufuta ndi chidendene. Masana, anthu onse akabisala m'nyumba kuthawa dzuwa, ankatsegula wailesi yawo pang'onopang'ono n'kuigunditsa kukhutu kuti amve za kwawo. Mabatire akafooka ankandipatsa kuti ndikawayanike padenga, ndipo akatheratu ankandituma kusitolo kukagula ena.

Nthawi yomweyo tauni yonse inali pakalikiliki. Kunamveka kuti akuluakulu a boma la kutsidya abwera pa sitima kudzatsegula nyumba ya thonje ija. Kusukulu maphunziro anaima, tinkangophunzira nyimbo zolandirira alendo. A Pinto anapereka nsalu yaulere, ndipo bambo ankasoka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa: zovala za amayi ovina, ndiponso timbendera ta mayiko awiriwo toti ana asukulu tidzagwedeze.

Tsiku limene ndinapita kachitatu kukagula mabatire, a Pinto anali okha m'sitolo, akudzikupiza ndi katoni. Anatsegula botolo la masiwiti n'kundipatsa imodzi yofiira.

"Kwanu kumakhala gule tsiku lililonse, mwana wa telala? Mabatire akukutherani msanga," anatero akuseka.

"Ife tilibe wailesi," ndinayankha. "Ndi ya atsibweni."

Ndinanena monyadira, chifukwa m'mudzi mwathu munalibe nyumba ina ya wailesi. A Pinto anagwedeza mutu, nakulunga mabatire aja bwinobwino m'pepala, nati ndikawapatse moni atsibweniwo. Ndinatuluka ndikuyamwa siwiti, ndinadutsa bambo akupalasa makina awo, ndipo ndinali nditafika pamlambe wa pakati pa njira pamene mawu a amayi aja anandibwerera. Ndinakhala pamizu ya mlambewo nthawi yaitali, nyerere zikundikwera, ndikuganiza zobwerera kukawauza a Pinto kuti ndanama. Sindinabwerere, ndipo kunyumba sindinauze munthu.

Masiku anayi otsatira sindinkadya. Amayi ankati ndi malungo, nandimwetsa madzi owawa a makungwa. Ndikaweruka ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba n'kumayang'ana msewu mpaka maso kuwawa. Ndinasiya kupititsa madzi kukanyumba kuja, moti atsibweni anafunsa amayi ngati anandilakwira. Tsiku lachinayi litadutsa popanda kanthu, ndinayamba kukhulupirira kuti a Pinto aiwala.

Ofuna atsibweni anabwera tsiku lachisanu, dzuwa litangokwera, amayi akupeta mchewere. Inali galimoto ya polisi, ndipo kumbuyo kwake kunali anyamata atatu a chipani, mmodzi mwa iwo mwana wa mnansi wathu amene sanatiyang'ane kumaso. Sanalowe m'nyumba yaikulu, anangolunjika kukanyumba ka mapira. Atsibweni anatuluka okha anthuwo asanagogode, atavala malaya a bambo amene anali aakulu kwa iwo. Wapolisi anafotokoza mwaulemu kuti munthuyu alibe mapepala, ndipo akungomubweza kwawo. Amayi anagwada pafumbi n'kugwira mwendo wa wapolisiyo.

"Mlongo, dzuka," anatero atsibweni. "Mwana akukuona."

Podutsa pamene ndinaima anandisisita kumutu ndi dzanja lotentha. Amayi anatsatira galimotoyo wapansi mpaka kusiteshoni, ndipo anafika sitima ya katundu yopita kumalire itanyamuka kale ndi atsibweni.

Bambo atamva analowa m'sitolo chipewa chili m'manja. Ine ndinali pakhomo la sitoloyo ndipo ndinamva zonse. A Pinto anapepesa kwambiri, nati zimenezi ndi nkhani za maboma, iwo ndi munthu wogulitsa nsalu basi. Bambo anatuluka n'kukhala pa makina, chifukwa timbendera tinali tisanathe. Amayi sanayankhule ndi bambo kwa masabata angapo. Anasiyanso kupita kuchigayo, ankasinja okha pamtondo m'dzuwa lonse lija mpaka manja anatuluka matuza.

Tsiku la alendo tinandandalika m'mbali mwa njanji kuyambira m'mawa. Atsikana awiri a m'kalasi mwathu anakomoka ndi kutentha sitima isanafike. Itafika munatuluka azungu ovala zoyera, nagwirana chanza ndi akuluakulu athu, ndipo womasulira anati njanji iyi yamanga mayiko awiriwa kukhala banja limodzi. Tinagwedeza timbendera ta bambo tija. Ndinaimba mokweza chifukwa aphunzitsi ankatiyang'ana, koma maso anga ankangoyenda pa mabogi, limodzilimodzi, mpaka lomaliza.

Mvula inagwa patapita sabata ziwiri, anthu anapita kuminda, ndipo dzina la atsibweni linasiya kutchulidwa pakhomo. Patapita zaka, Apwitikizi atachoka kutsidya, a Pinto nawo anatseka sitolo n'kupita. Amayi anaoloka mpaka ku Mutarara kukafunsa, koma sanapeze munthu wowalozera ngakhale manda.

Bambo ndinawaululira atakalamba, maso awo atasiya kuona bowo la singano, ine ndili ndi ana angaanga. Anasisita bondo lawo.

"Patangopita masiku awiri atsibweni ako atafika, a Pinto anandifunsa ngati mapazi a mlendo wanga akupola," anatero. "Ndinayankha kuti akupola. Kenako ndinapitiriza kusoka."

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti dziko lonse linali chete ndi losadziwa kanthu, ndipo ine ndekha ndi amene ndinatsegula pakamwa. Lero ndikudziwa kuti thonje lathu lotuluka, mchere ndi mafuta olowa, zonse zinkadutsa padoko la Apwitikizi ku Beira, ndipo amene anamanga chigayo ndi sitolo ankadziwa kuti tsiku lodzapempha munthu sipadzapezeka wowakaniza, kuyambira kulikulu mpaka pakhonde la telala. Zimenezi ndimazimvetsa bwino, ndipo ndikhoza kuzifotokozera wina aliyense. Koma bambo atamaliza kuyankhula tsiku lija, palibe wa ife amene anapepukidwa. Tinangokhala pamenepo awiriwiri, aliyense ndi yankho lake limene anapereka kwa a Pinto.