Bokosi Lopanda Kanthu pa Fomu ya Tadala

Nditapuma ntchito ya chipatala ndinabwerera kumudzi kukalima kachewere. Mnzanga wakale anandiimbira foni kuti anthu a kafukufuku akufuna munthu wosamala polemba, pachipatala china chaching'ono cha kudera la Champiti. Ndinapita ndi mapepala anga onse mu envulopu, ndipo anandilemba tsiku lomwelo.

Tinkayesa fomu yopangidwa kuchipatala chachikulu cha mumzinda, kuti tione ngati kwathu kuno ingalosere molondola mwana wa chibayo amene angadwalike. Mwana akabwera ndinkawerenga kupuma kwake kwa mphindi yathunthu, kuyeza kutentha m'khwapa, kuyeza kunenepa kwa mkono ndi kalamba koyezera, kenako kupana chala ndi kachipangizo koona mpweya m'magazi. Chilichonse chinali ndi mapointi ake. Akachuluka, ndiye kuti mwana ali pangozi.

Bwana wathu, a Dokotala Mvula, ananena momveka: "A Maseko, inu muzingolemba. Fomuyi ikuyesedwa, isaweruze mwana." Koma ambulansi inali imodzi dera lonse, ndipo posakhalitsa aliyense asanaiitane ankayamba wandifunsa za mapointi a mwanayo, "Wapeza zingati?"

M'mawa wina nthawi ya dzinja kunabwera a Nangozo ndi mwana wawo Tadala, wa chaka chimodzi. Anayenda mtunda wautali, kuwoloka mtsinje, mwana ali kumsana. Timanja take tinali titazizira, kachipangizo kanakana kuwerenga. Ndinayesa chala cha kuphazi, kanakanabe. Bokosi lolembamo mpweya pa fomupo ndinalisiya lopanda kanthu, monga malangizo ankanenera. Mumzinda amakhala ndi zipangizo zina zoyesera, ndiye opanga fomu sanaganize za bokosi lotere. Pophatikiza linkawerengedwa ziro, ngati la mwana wopuma bwino. Thupi nalo silinatenthe, chifukwa amake anamumwetsa panado asananyamuke, monga amachitira amayi ochokera kutali.

"Wapeza zingati?" anafunsa namwino.

"Ziwiri."

Maso anga ankaona kuti mwanayu wafooka, koma ndinangolemba ziwirizo pa fomu, ndipo ambulansi sitinaiitane. Tinapereka mankhwala, n'kuuza a Nangozo kuti akaona kusintha abwerenso msanga.

"Adokotala, nanga mtsinje ukadzaza?" anafunsa a Nangozo akumanga chitenje.

"Mankhwalawa agwira ntchito, mayi," ndinatero.

Mtsinje unadzaza. Patapita masiku atatu mlangizi wa zaumoyo wa kumudziko anabwera kudzatiuza kuti Tadala anaikidwa dzulo lake.

Ndinatulutsa mafomu onse m'kabati, n'kupatula amene bokosi lija linali lopanda kanthu. Ambiri anali a ana a kutsidya kwa mtsinje. Ndinalembera a Mvula kalata ya masamba anayi. Anandiyankha mwaulemu kuti, "Mwatithandiza, bambo, tizilemba mu lipoti." Lipotilo litatuluka ndinaliwerenga kawiri. Nkhani yonseyi inali mzere umodzi, wonena kuti fomu siigwira bwino ntchito m'zipatala za kumidzi. Za mtsinje munalibe. Kopi ya kalata yanga ndili nayo, chidindo chawo chili pamwamba, ndipo fomu ya Tadala ndinaikopera ndekha ndi dzanja.

Amene anandikwiyitsa ndi a Mvula, koma amene ananena kuti "ziwiri" ndine. Kuyambira pamenepo, aliyense wondifunsa za ntchitoyi ndimamuuza kuti chimene sunayeze si ziro, ndipo fomu yochokera kwina uyambe waifunsa ngati ikudziwa njira imene odwala ako amayenda.

A Nangozo ndimakumana nawo pamsika wa Kandeu akugulitsa nyemba. Amagwada pang'ono pondipatsa moni, ndipo mpaka lero amanditchula kuti adokotala.