Galimoto Yopumira Pansi pa Mpando

Ndinayendetsa mathirakitala ku esiteti ya nzimbe ku Nchalo kwa zaka zambiri, moti vuto la injini ndinkalidziwa pongomva kulira kwake ndili patali. Thirakitala ikatsamwa m'munda, anzanga ankaitana ine. Choncho nditaganiza zogula galimoto yangayanga, sindinafunse nzeru kwa munthu. Ndinakwera minibasi ya ku Blantyre, n'kuzungulira malo ogulitsira magalimoto ochokera ku Japan, mpaka maso anga anagwera pa kagalimoto koyera, koyendapo kale koma kosamalika. Wogulitsayo anandiuza kuti ndi haibulidi, imayendera petulo ndi batire. Ndinangovomera ndi mutu. Mumtima ndinkati, kodi ilipo galimoto yopanda batire?

Kudabwa kunayamba ndisanatuluke n'komwe pa geti. Ndinadina batani loyatsira, timagetsi ta pa dashibodi tinayaka, koma injini sinalire. Nditadinanso, zonse zinazima. Ndinatuluka n'kumuuza wogulitsa uja kuti sitata ndi yakufa.

"Bambo, inali itayaka kale imeneyo," anatero akuseka. "Dinaninso, muike giya, muchotse phazi pa buleki."

Ndinachita zimenezo, ndipo galimoto inanyamuka mwakachetechete ngati bwato loti lamasuka pa chingwe. Chinthu choyenda popanda phokoso ndinali ndisanachiyendetsepo.

Potsika mapiri a ku Thabwa, kumene minibasi zimafika pansi zikununkha mabuleki, injini inazima yokha ndili pa khona. Woyendetsa thirakitala aliyense amadziwa kuti injini ikazima pamtsetse, imfa yayandikira. Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri n'kukaima pambali pa msewu. Mabuleki anagwira bwinobwino. Chiwongolero sichinaume. Ndinakhala pamenepo kanthawi, ndikuyang'ana chigwa chonse ndi Shire akunyezimira mmunsimo. Kenako ndinatsika pang'onopang'ono mpaka pa mlatho, galimoto ikuyatsa ndi kuzimitsa injini mmene yafunira.

Koma chimene chinandisowetsa mtendere kwambiri chinali geji ya mafuta. Inalibe muvi, inali ndi timizere khumi towala. Ndinayenda sabata yathunthu, kuntchito, kutchalitchi, kawiri konse ku boma ku Chikwawa, koma kamzere kamodzi kokha ndi kamene kanazima. Ine mageji ndimawadziwa. Ya thirakitala imatha kuloza theka tanki ili gwa, iwe n'kugona m'munda. Kumeneko tinkatsegula tanki n'kuviika kamtengo. Ndinayesa kutero ndi galimoto yangayi, koma kamtengo sikanalowe.

Ndinapita pa filing'i n'kuuza mayi wothira mafuta kuti adzazitse. Pampu inangoyenda pang'ono n'kuima yokha.

"Thiraninso, mayi. Geji yanga ndi yabodza, mafuta atha m'menemo."

Anadinanso, pampu inakananso. Ndinayamba kunena kuti pampu yawo ndi yowonongeka.

"Bambo, tanki yadzadza," anatero mofatsa. "Kapena otsalawo ndikuthireni m'thumba la malaya?"

Akabaza amene anali pamthunzi anaseka. Ndinachoka ndili ndi manyazi, koma osakhutira.

Sevisi ndinaichita ndekha Loweruka lina pansi pa mtengo wa nimu pakhomo. Ndinasintha oyilo ndi sefa yake, ndinagwedeza fumbi m'sefa ya mpweya, ndinaona madzi, mabuleki ndi mpweya wa matayala. Mu boneti munali mawaya akuluakulu achikasu chofiirira ngati papaya lakupsa, amenewo sindinawakhudze. Nditatseka boneti ndinasamba m'manja ndikudziwa kuti palibe chimene ndasiya. Tsiku lomwelo mkazi wanga anamaliza kusoka zovundikira mipando. Anagula nsalu yokhuthala, yamaluwa obiriwira, ndipo ya mpando wakumbuyo anaisoka yotalika mpaka pansi kuti fumbi la kwathu kuno lisapeze polowera. Anatha mausiku atatu pa makina. Tonse tinaima n'kumasirira.

Mwezi wa Okutobala utafika, dzuwa lija limene limasungunula phula mumsewu, galimoto inasintha khalidwe. Injini inasiya kuzimazima, inkangolira nthawi zonse. Timizere ta geji tinayamba kuzima msanga, kawiri kuposa kale. Mukhoza kuganiza kuti ndinada nkhawa. Ayi, ndinasangalala. Ndinauza mkazi wanga kuti geji ija yachira, tsopano yayamba kunena zoona, ndipo injini yazolowera kulira ngati injini zinzake.

Masiku omwewo apongozi anga, bambo a mkazi wanga, anatulutsidwa m'chipatala ku Chikwawa atachitidwa opaleshoni ya diso. Ndi munthu wamkulu, anabwera kuchokera ku Mozambiki ali mnyamata, ndipo amalankhula Chisena nthawi zambiri. Tinawatenga cha m'ma teni koloko m'mawa kuti tikawatule kwawo kufupi ndi boma la Nsanje. Anakhala kumbuyo, diso lili lomata, thumba la zovala ali nalo m'miyendo.

Tinadutsa Nchalo, tinadutsa Ngabu. Kunja kunkatentha moti ngakhale mbuzi zinali zitabisala pansi pa ngolo. Titayandikira Bangula, apongozi anayankhula m'Chisena.

"Mwananga, pana moto pantsi pano."

Ndinaganiza kuti akunena za dzuwa. Ndisanayankhe, galimoto inalira kabelu, ndipo pa dashibodi panayaka chizindikiro chofiira cha makona atatu. Ndinaponda mafuta koma galimoto inangolemera ngati ikukoka ngolo ya nzimbe. Njinga yonyamula matumba a makala inatipitirira. Mkazi wanga anatembenuka kuyang'ana bambo ake, kenako anayang'ana ine. M'maso mwake ndinaona funso: si inu mumadziwa mainjini?

Tinakwawa choncho mpaka pa msika wa Bangula. Makaniko woyamba amene ndinamupeza anatsegula boneti, n'kuona mawaya aja, n'kutsekanso nthawi yomweyo.

"Nkhabe," anatero, kukana m'Chisena. "Izi sindigwira, achimwene. Magetsi ake amapha munthu. Pitani kuseri kwa ogulitsa nsomba, kuli mayi wokonza masola. Anagwirapo ntchito pa galaja ku Blantyre."

Ndinapita wapansi. Mayiyo ndinamupeza akulumikiza mawaya pa benchi, mwana ali kumsana. Anamvetsera nkhani yanga yonse osandidula, anasiya mwanayo kwa mnzake, n'kutenga sikuludiraiva imodzi yokha. Titafika pa galimoto ndinathamangira kukatsegula boneti.

"Isiyeni imeneyo, bambo," anatero.

Anatsegula chitseko chakumbuyo, anapereka moni kwa apongozi mwaulemu, n'kuwapempha kuti akakhale pamthunzi. Kenako anagwada n'kukweza nsalu yamaluwa ija. Pansi pa mpando, pambali, panali timabowo ta pulasitiki ngati ta wailesi. Ine ndinali ndisanationepo.

"Batire lalikulu lili pansi pa mpandowu," anafotokoza. "Limapumira apa. Mukatseka apa, mwalitseka pamphuno."

Anamasula kachivundikiro n'kutulutsa kasefa. Sikankaoneka ngati sefa. Kanali ngati chidutswa cha bulangeti lakale, fumbi, ulusi wa thonje ndi phulusa la nzimbe zowotcha zitagwirana. Atachotsa mpando wonse, tinaona fani yoziziritsira batire, ndipo mkati mwake munali chisa cha mbewa, makoko a mtedza ndi tizidutswa ta pepala lolembedwa zilembo za ku Japan. Zina mwa zinyalalazo zinawoloka nyanja limodzi ndi galimotoyo. Nditaika dzanja pa chitsulo cha batire, ndinalichotsa msanga. Mkulu wodwala anakhala pamwamba pa chitsulo chimenecho ulendo wonse.

Mayiyo anapitiriza uku akupukuta fani ndi kaburashi.

"Batire likatentha, galimoto imasiya kuligwiritsa ntchito kuti lisapse. Ntchito yonse imatsalira injini, n'chifukwa chake mafuta amatha msanga. Geji yanu ilibe vuto. Pamene inkachedwa kutsika, galimoto inali bwino. Pamene inayamba kuthamanga, inkakuuzani kuti yadwala."

Ndiye kuti mwezi wonse umene ndinkadandaula, galimoto inali yamoyo, ndipo masabata amene ndinkasangalala, inali ikufa. Ndinakhala pa mwala n'kugwira chibwano.

Mkazi wanga anali ataima atagwira nsalu ija m'manja.

"Ndiye kuti ndaipha ndine?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ayi, mayi," anayankha wokonza masolayo. "Sefayi inali itatsekeka kale. Nsalu yangomalizitsa. Wochita sevisi ndi amene amayenera kuiona."

Sanandiyang'ane ponena zimenezi, ndipo ndinamuthokoza mumtima. Koma ndinaona kuti kukhala chete n'kumusenzetsa mkazi wanga mlandu wanga.

"Sevisi ndinachita ndine," ndinatero. "Sindinkadziwa kuti kumbuyo kuno kuli choti n'kuona."

Tinadikira ola lathunthu zitseko zonse zili zotsegula kuti batire lizizire. Apongozi anamwa madzi, n'kudya nthochi ziwiri, osadandaula. Titayatsa, chizindikiro chofiira chinali chitazima. Mayi uja anandilangiza kuti ndisachedwe kupita nayo ku Blantyre akaiyeze pa kompyuta, chifukwa kutentha koteroko sikuchoka osasiya chipsera. Apongozi anamugwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Takhuta, mwananga," ndiko kuthokoza kwa kwawo.

Tinafika kwawo dzuwa litapendeka. Nsalu ija inali itapindidwa pamiyendo pa mkazi wanga, ndipo ine ndinayendetsa njira yonse wailesi ili yozima, khutu lili kumbuyo, kumvetsera kafani kakuzungulira.

Ku Blantyre anandiuza kuti batire lapulumuka, koma mbali ina yafooka ndipo sidzabwereranso mwakale. Mpaka lero galimotoyo ndikuyendabe nayo. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse ndimagwada pa chitseko chakumbuyo, n'kuchotsa kasefa kaja n'kukatsuka, ndipo nyengo yowotcha nzimbe ndimatero kawiri. Mtedza ndi chimanga sizigonanso m'galimoto. Masiku otentha kwambiri injini imayaka msanga kusiyana ndi mmene inkachitira ndikuigula, ndipo ndikaimva ndimadziwa kuti ndi mbali yofooka ija.