Tsiku Limene Tinakapa Madzi M'manda a Achemwali

Ndinadzuka kukadali mdima, ndili pasimenti m'galaja ya amalume ku Beech Grove, jekete nditafunda kumutu. Nyimbo zinali zitaleka, azimayi atatopa. Chinandidzutsa ndi mvula. Madzi anali atayamba kulowa pansi pa chitseko cha galaja, akukwawa kulunjika kumene amuna anagona mondandalika kukhoma. Ndinawayang'ana kanthawi, sindinadzutse munthu.

Maliro anali a achemwali anga, mimba imodzi. Anagwa mulaibulale ku South Bend kumene ankaphunzira zamalamulo. Mtsempha unaphulika m'mutu, pofika kuchipatala n'kuti zitatha. Siwa tinaika kwa amalume chifukwa Amalawi ambiri tili kuno ku Indianapolis, ndipo kanyumba ka alamu ku South Bend sikakanakwana ngakhale amayi a mvano okha. Koma manda anali komweko, kumpoto. Alamu anati mwana wawo wamkazi azikula akuona pamene agona amayi ake. Ine ndinakana, ndinalalata, ndinaswa kapu pakhoma. Mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Akuluakulu anangondiyang'ana, nkhani inali itatha kale.

Pochezera tinasonkha moto m'dilamu kuseri kwa nyumba. Mzungu woyandikana ndi amalume anabwera kudzafunsa ngati tikuwotcha zinyalala. Atamva kuti tafedwa anabwerera kunyumba kwake, kenako anatulukiranso atanyamula nkhuni zake. Koma pofika m'mawa dilamu lija linali litadzaza madzi akuda, makala akuyandama. Azimayi anakokera mbaula za gasi m'galaja, anakweza chitseko pang'ono kuti utsi uzituluka, n'kuyamba kuphika mpunga, nyemba ndi nkhuku m'mapoto akuluakulu obwereka kutchalitchi.

Kukucha anthu anayamba kufika. Anamwino ochokera kushifiti ya usiku anangomanga zitenje pamwamba pa yunifolomu. Anzanga a kuweyahausi kumene ndimanyamula katundu anabwera atavala masuti obwereka, mikono yaifupi. Banja lina la ku Speedway linafika ndi nyama ya mbuzi yogula kumashopu a mu Lafayette Road. Ana ankauzidwa m'Chichewa kuti apatse moni, iwo n'kumayankha m'Chingerezi kuti kukuzizira. Chipale chimene chinaunjikana m'mbali mwa msewu sabata yonse chinali chikusungunuka, mvula ikuthira pamwamba, ndipo ngalande zinali zitasiya kumeza.

Amayi anga anaimba foni kuchokera ku Chikwawa ndikumwa tiyi. Mapepala obwerera kuno sanawatulukire. Sanalire. Anati, "Iwe ndiwe maso anga lero. Mlongo wako asamuike m'madzi. Ndipo usachokepo dothi lisanatseke. Wamva?"

Ndinati ndamva.

Amayi sankanena zamaloto. Abambo athu tinawaika kumudzi, kumanda a makolo kufupi ndi Shire. Chaka china madzi atasefukira, anadutsa pamandapo. Ataphwa panalibe mtanda, panalibe mtumbira, mchenga wokhawokha mpaka kumitengo. Mpaka lero amayi akafuna kukalima pamanda a amuna awo sadziwa poima.

N'chifukwa chake achemwali analowa m'zimene analowazo. Ankafufuza malamulo oteteza chilengedwe a timayiko tating'ono ta pazilumba, tija nyanja yamchere ikutidya pang'onopang'ono. Ine ndinkawaseka. Ndinkati asisi, kwathu kulibe nyanja yamchere, zilumba za eni zakulakwirani chiyani? Iwo ankati anthu amenewo anayamba kale kufunsa funso lathu: madzi akatenga munda, nyumba ndi manda, ayankhe ndani? Ankafuna kupeza ngati pali khoti lililonse limene linagamulapo za manda. Ine sukulu ndinaithawa chaka choyamba, zambiri zinkandidutsa. Chimene ndinkaona n'choti ntchitoyo inali yosakasaka ngati munthu wotaya singano. Malamulo ena sanali pa intaneti. Ena anali m'buku limodzi lokha, m'kabati ya kalaliki wa khoti kutsidya kwa dziko, masamba atamatana ndi chinyontho. Ankaimba mafoni nthawi zachilendo chifukwa kumeneko kumacha kuno kukuda. Ankapempha anthu osawadziwa kuti awajambulire masamba pafoni. Nthawi zina tsamba linkabwera chala cha munthu chitaphimba mzere umene ankaufuna, iwo n'kuyambiranso kupempha.

Tinanyamuka mvula isanaleke. Magalimoto anandandalika msewu wonse wa amalume, nyale zikuphethira. Mapoto a chakudya tinalonga kumbuyo kwa veni ya tchalitchi. Ine ndinadiraiva galimoto ya amalume, iwo atakhala pambali, chipewa chili pamaondo. Titatuluka mumzinda kulowera kumpoto, minda ya chimanga mbali zonse inali itasanduka madambo. Ziputu zokha ndi zimene zinkaoneka. Pamalo pena madzi anali atakwera mpaka m'mphepete mwa phula, apolisi ataika zikwangwani, tinadutsa mmodzimmodzi. Palibe anayatsa wailesi. Amalume anayankhula kamodzi kokha, anati ndichepetse liwiro.

Thupi tinalipeza kutchalitchi ku South Bend. Bokosi linali loyera. Nkhope anaikonza bwino koma sinali yawo, achemwali sankadzola zofiira pamlomo. Alamu anakhala kutsogolo, mwana ali pamiyendo, maso ali pansi. Itatha mbiri ya malemu anaimirira mayi wina wamtali, wakhungu lofiirira, amene sindinamuonepo. Anati amachokera kukachilumba kena ka m'nyanja ya Pacific, ndipo ankaphunzira limodzi ndi achemwali. Anati chigamulo china anachisaka awiriwiri nyengo yonse yozizira, m'malaibulale a kuno ndi akunja, n'kudzachipeza kwa mdzukulu wa woweruza amene anamwalira kalekale, chili m'sutukesi pansi pa bedi. Anati achemwali atachilandira anavina mulaibulale osavala nsapato. Anthu anaseka pang'ono. Kenako mphezi inang'anima pawindo, kuseka kunatha.

Manda ali kumunsi kwa mzinda, kotsetsereka, mitengo itatchinga mbali imodzi. Magalimoto tinaimika kumtunda chifukwa kanjira kolowera kanali matope. Bokosi tinanyamula pamapewa, nsapato zikumira, amayi a mvano akuimba pambuyo, mawu akumezedwa ndi mvula. Kuno kulibe adzukulu. Dzenje amakumba ndi thirakitala, dothi amaliphimba ndi kapeti wobiriwira kuti ofedwa asalione, ndipo pansi pa dzenje amaikamo chibokosi cha simenti cholowetsamo bokosi la maliro.

Ndinasuzumira m'dzenjemo. Munali madzi. Anali atazungulira chisimenti chija, atatsala pang'ono kufika pakamwa pake, ndipo ankatuluka m'makoma a dzenje ngati thukuta. Ndinaona chisimenticho chikugwedezeka pang'ono. Chinthu cholemera choncho.

Woyang'anira manda, mzungu wa jekete lachikasu, anaitanira alamu ndi amalume pambali. Ine ndinatsatira ngakhale sanandiitane. Anati pampu yawo yatsekeka ndi matope. Anati atsitsa bokosi, avindikira chisimenti, koma kukwirira ayi, chifukwa thirakitala ingatitimire n'kugumula manda a ena. Aika matabwa ndi lona pamwamba mpaka nthaka iume. Ife tipemphere, tiike nkhata, tizipita. Anati ndi mmene amachitira ndi aliyense.

Ndinamufunsa kuti iuma liti. Anakweza mapewa.

Zimene zinachitika kenako ndinaziona ngati akuchita ndi wina. Ndinamugwira pakolala, ndinamukankhira pamtengo wa tenti imene anakhoma pamandapo, tenti yonse inakhuthula madzi. Ndinamutukwana m'zilankhulo ziwiri. Iye anatulutsa foni. Amalume anandigwira pakhosi kumbuyo, dzanja lawo ngati chitsulo, munthu wamkulu ngati uja.

"Musiye, iwe! Ukufuna apolisi adzakufunse mapepala pamaliro a mlongo wako? Titaye awiri lero, wina m'dothi wina m'ndege?"

Mapepala anga anafa tsiku limene ndinasiya sukulu. Ndinamusiya. Nyimbo inali itaima, anthu onse akutiyang'ana. Mzunguyo anagwirabe foni m'manja, sanaimbe, sanaibwezenso m'thumba. Abusa anayamba kumupepesa. Ine ndinati pepani pepani wanuyo, ine pano sindichoka, ndigona pompano.

Mayi wa kuchilumba uja sanalowerere mkanganowo. Anavula nsapato, anakwera mtunda kupita kuveni, anabwera ndi poto wa nyemba, nyembazo atakhuthulira m'beseni. Anapempha chitenje kwa mayi wina wa mvano, anachimanga pachigwiriro, anagwada m'mphepete mwa dzenje n'kutsitsa poto. Anatunga, anataya kumunsi. Anatunganso. Anatiuza m'Chingerezi, osatukula mutu, kuti kwawo nyanja ikadzaza amaika maliro chonchi. Anati tisadikire kuti muume, simuuma. Umangothamangitsana nawo madziwo mpaka dothi lilowe.

Amayi a mvano ndi amene anayamba kuthamanga. Mpunga unakhuthulidwa, nkhuku zinakhuthulidwa, mapoto onse anatsika. Tinapanga mzere, poto kuchoka m'dzenje kudutsa m'manja mpaka kungalande. Woyang'anira manda anaima, anayang'ana kumwamba, kenako anati munthu asalowe m'dzenje, zinazo iye sakuona. Foni anaika m'thumba.

Madzi anatsika, koma osatha. Tikapuma pang'ono ankabwerera. Abusa anadula mwambo, vesi limodzi basi. Tinatsitsa bokosi, mkati mwa chisimenti munali mouma, ndinaonetsetsa ndi maso anga. Anyamata a kumanda anatsitsa chivindikiro ndi unyolo. Chitangokhala, madzi anayamba kukwera m'mbali mwake.

Mafosholo a kumanda analipo awiri. Mnzanga wina wa kuweyahausi anakuwa kuti aliyense atsegule buti. Ku Indiana nyengo yozizira palibe galimoto yopanda fosholo yokokolera chipale. Anthu anatsika nazo mtunda, zofiira, zabuluu, zapulasitiki, zina za ana. Tinachotsa kapeti uja. Dothi linali phala, lolemera, lokakamira. Mafosholo apulasitiki ankathyoka, wothyokeredwa ankapitiriza ndi manja. Madokotala, ophunzitsa kuyunivesite, osamalira nkhalamba, tonse tinafanana, matope mpaka m'maondo. Alamu anakwirira osapuma, osalira, mpaka amalume anawalanda fosholo. Matope akagwa m'dzenje madzi ankathovokera m'mwamba, ife n'kuponyanso pomwepo. Nyimbo inayambiranso yokha, sindikudziwa anaiyambitsa ndani.

Tinaumba mtumbira wautali kuposa manda ena onse pamenepo. Mzungu uja anati adzausalaza nthaka ikauma, malamulo awo salola mitumbira. Nkhata tinaika pamwamba, mvula inayamba kuzithothola maluwa nthawi yomweyo.

Mtsikana wina anandipatsa foni, amayi ali pavidiyo. Kwawo kunali kutada, nkhope yawo inkaoneka ndi kuwala kwa tochi. Ndinawaonetsa mtumbira, mbali zonse. Ndinati tatseka amayi, ndi manja athu, ndipo wagona pouma. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapendeketsa mutu.

"Nanga chikulira kumbuyo kwakocho n'chiyani?"

Ndinali ndisanachimve chifukwa cha nyimbo ndi mafosholo. Kuseri kwa mitengo ija kunkamveka mkokomo wa mtsinje wosefukira, wosalekeza, wapansipansi. Amayi anakulira m'mbali mwa Shire, sanafunsenso kachiwiri. Anati zikomo mwanawe, n'kudula.

Chakudya anthu anadyera m'magalimoto, chozizira, m'mabeseni. Ambiri anathamangira kubwerera ku Indianapolis misewu isanatsekedwe, ena anali ndi shifiti. Amalume anapita nawo. Anandigwira paphewa ponyamuka, sananene kanthu za kolala ija. Mayi wa kuchilumba sindinamuone pochoka. Ine ndinatsala ndi alamu.

Madzulo m'nyumba mwa alamu munali zii. Mwana anagona pampando atavala diresi lake lakuda, nsapato zamatope zili kuphazi. Alamu anakhala kukhitchini, tiyi akuzizira patsogolo pawo. Ine ndinakhala pansi, msana kukhoma, zikhadabo zodzaza dothi. Mvula inali itachepa koma siinaleke. Kenako pansi pa nyumba panayamba kulira kapampu ka m'besimenti. Kankalira, n'kuleka, n'kuliranso, mpaka kanasiya kulekeza.

Ndinatsika kukaona. Madzi anali atayala pasimenti ponse, akuwala ndi babu. Kukhoma kunali makatoni a achemwali osanjikizana, iliyonse italembedwa dzina la chilumba ndi dzanja lawo, mayina amene sinditha n'kuwatchula komwe. Apansi anali atayamba kuda m'munsi. Ndinanyamula imodzi, inali yolemera ngati mwala. Pokwera masitepe ndinakumana ndi alamu akutsika, atapinda buluku.

Tinatuta makatoni onse, wina kukwera wina kutsika, kupatsana njira pamasitepe. Tinawasanja pabalaza, pabedi, pamwamba pa firiji. Mapepala onyowa alamu anawayala patebulo limodzilimodzi, mosamala, kuti asang'ambike. Titamaliza ndinasuzumiranso pansi. Sitepe yoyamba inali itamira.

Tinakhala pakati pa makatoniwo, mwana akupuma m'tulo, pampu ikulira. Palibe anatchula zoti kuchokera panyumbayo kupita kumanda, msewu ndi wotsetsereka wokhawokha.