Beseni la Nona Pathebulo

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinadziwa kuti kunyansidwa kuli mitundu iwiri. Ndinaphunzira zimenezi m'nyumba ya agogo anga obala bambo, ku Kalongwezi, mu Chipata.

Agogowo anali Mtaliyana. Anabwera ali mtsikana, tauni ino ikutchedwabe Fort Jameson, potsatira mwamuna wawo amene ankamanga nyumba ndi milatho. Mwamunayo anamwalira msanga, koma iwo sanabwerere kwawo. Analera okha ana atatu, ndipo woyamba, bambo anga, anakwatira mkazi wa ku Chiparamba. Tonse tinkawatcha Nona, kutanthauza agogo m'chinenero chakwawo, ngakhale azimayi a pamsika. Anali aafupi, onenepa manja, ovala zakuda chaka chonse. Chinyanja chawo chinali chopindika moti ana ankawayeseza kuseri, koma akalankhula palibe amene ankafunsa kawiri.

Chaka chimenecho agogo anga ena, a Phiri, obala mayi, anadwala shuga. Chilonda chinabuka pa mwendo n'kukana kupola. Mayi anali ndi pakati potopa, bambo ali kuntchito ku Kitwe. Ana aamuna a a Phiri analipo awiri m'tauni momwemo, koma aliyense anali ndi chifukwa chake. Nona atamva kuti mkuluyo akugona yekha m'nyumba ku Chiparamba, anabwereka galimoto, nakamutenga, namugoneka m'chipinda chawo. Iwo anasamukira pamphasa pabalaza.

Ine anandipatsa ntchito yogwira beseni potsuka chilondacho. Tsiku loyamba atamasula nsalu, fungo linandimenya ngati la nyama yoiwalika m'thumba. Mafinya anali atauma m'mbali, ntchentche zikulimbirana, ndipo pakati pa mnofu wakudawo panali tinthu toyera tikuyenda. Zinali mphutsi. Ndinataya beseni, n'kuthamangira panja, n'kusanza pamaluwa mpaka m'mimba munapweteka.

Nona ananditsatira. Sanandikalipire. Anathyola tsamba la ndimu, nalifikisa, nandipatsa kuti ndiziika pamphuno.

"Wamaliza?" anafunsa. "Samba kumaso. Kusanza sanza, koma panja. M'nyumba umo agogo ako asaone nkhope imeneyo. Manyazi ali nawo kale okwanira."

Ndinabwerera m'chipindamo. Nona anachotsa mphutsi imodziimodzi ndi kachitsulo kozulira nsidze, akutsuka ndi madzi ofunda a mchere, uku akufunsa a Phiri za mvula ndi fodya ngati akucheza pakhonde. A Phiri anayang'ana kudenga osaphethira. Ine ndinadana nalo beseni lija. Kwa masabata angapo nyama sindinkaidya, ndipo ndinkanunkhiza zala zanga m'kalasi poopa kuti anzanga amva.

Lamlungu lililonse Nona ankakanda ufa wa tirigu ndi mazira, kuupapatiza ndi botolo, kuudula timizere, n'kuphika ndi matimati ndi adyo. Pakhomo pawo aliyense wapabanja ankadya, woitanidwa ndi wosaitanidwa. Lamlungu lina kunabwera amalume a Jailosi, mwana woyamba wa a Phiri, akuchokera kutchalitchi, atavala suti yotuwa, akununkhira mafuta odula. Sanalowe m'chipinda cha atate awo. Anazungulira kuseri, naima pazenera atatseka mphuno ndi kampango.

"Mwadzuka bwanji, atate?"

A Phiri anayesa kudzuka, nkhope itawala. "Lowa, mwanawe, ndikuone."

"Ndili ndi chimfine, ndingakupatsireni," anatero amalume. Kenaka anatsitsa mawu pang'ono, koma ine ndinali pomwepo ndikuyanika nsalu. "Nanga ng'ombe zija, atate? Bwanji mungonena msanga kuti zikhale m'manja mwanga? Zinthu sizidziwika."



Amalume anakakhala pathebulo. Anamaliza mbale yoyamba, nawonjezera yachiwiri, msuzi wofiira ukutsikira pachibwano, akuyamikira kuti azungu amadziwa kuphika. Ndinawayang'ana akutafuna, akunyambita zala, ndipo m'mimba mwanga munatembenuka monga tsiku la mphutsi lija. Ndinadabwa, poti fungo panalibe.

Nona anali atamva zonse ali kukhitchini. Anabwera, nachotsa mbale amalume foloko ili m'manja, nalowa m'chipinda. Potuluka ananyamula beseni, madzi ake ofiirira, nsalu zamafinya zikuyandama. Analiika pansalu yoyera ya pathebulo, pamalo pomwe panali mbale.

"Mwadya, a Jailosi. Tsopano kasambitseni atate anu."

"Amayi, ichi n'chipongwe!"

"Iwo anakupukutani muli khanda. Simunali kununkhira mafuta."

Amalume anaimirira mpando n'kugwa. Anatuluka akutukwana kuti mzungu sangawaphunzitse mwambo, ndipo sanapondenso pakhomopo. Titalowa m'chipinda tinapeza a Phiri atatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Nona anakhala m'mphepete mwa bedi, nawagwira phazi la mwendo wodwalawo. Tsiku limenelo ndinagwira beseni popanda tsamba la ndimu.

A Phiri anamwalira mvula isanagwe, ali oyera thupi, pa nsalu zochapa. Ng'ombe zinatengedwa maliro asanathe.

Nona anakhalabe zaka zambiri, mpaka anapitirira zaka makumi asanu ndi anayi zakubadwa. Kwawo ku Italy sanapiteko ngakhale kamodzi. Nthawi zonse akati akonzeke, wina ankakhala ali pafupi kubereka, wina ali m'chipatala, wina banja likugwedezeka. Anasambitsa makanda a zidzukulu zawo manja akunjenjemera kale. Anagona m'manda a kuno, pakati pa anthu amene ankaseka kalankhulidwe kawo.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo ndaona odwala ambiri akusiyidwa m'zipinda zakuseri ndi ana ovala bwino, amene pa maliro amalira mokweza kuposa onse. Ndikawaona m'kamwa mwanga mumadzaza malovu owawa. Thupi la munthu limawola, limanunkha, ndipo palibe amene adzathawe zimenezo. Koma fungo limenelo sopo amalichotsa m'manja tsiku lomwelo. Mseru umene ndinaumva poona munthu akudya mokoma bambo ake akulira kuseri kwa khoma, umenewo mpaka lero sunandichoke.