A Tobias, Owerenga Galimoto Pamlatho Wogwa

Kwa Chimkoka, kuseri kwa Nsaru uko, mukafunsa munthu amene sanama, ngakhale oledzera akulozerani khomo la a Tobias Kachigamba. Sikuti timawakondera zimenezo ayi. Munthu wosanama amatopetsa, abale. Ukawafunsa kuti chimanga chako akuchiona bwanji, akuuza pamaso kuti udabzala mochedwa ndipo feteleza udachita kuwaza ngati mchere.

Adabadwira m'mudzi momwemo mu 1960. Sukulu adalekezera Sitandade 8, koma masamu okha adawagwira ndithu. Zaka makumi awiri ndi zisanu adali kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina ya fodya cha ku Kasiya. Matenanti ankalimbirana kuti mabelo awo akwere sikelo tsiku la a Tobias, poti pamene singano yaloza mpamene ankalemba, kaya bwana akondwa kaya akwiya. Esiteti itatsekedwa adabwerera kumudzi ndi wotchi yapamkono ndi bolopeni m'thumba la malaya, n'kuyamba kulima mtedza ndi akazi awo a Sabina, amene ife timawaitana Nambewe.

Pakati pa mudzi wathu ndi msewu wopita ku Kabudula pali mtsinje wa Kamwala. Chilimwe ngakhale mbuzi imaulumpha, koma dzinja umalusa zoopsa. Mlatho wake wamatabwa udapita ndi madzi mu 2019, n'kusiya zipilala ziwiri zili njo. Kuyambira pamenepo galimoto zonse zidayamba kuzungulira msewu wa kumtunda, ulendo wa ola limodzi n'kusanduka wa maola atatu. Ena tinkangodandaula za kukwera kwa mtengo wa sopo, koma kwa a Tobias nkhani idali ina. Nambewe ali ndi matenda a shuga, ndipo mwezi uliwonse amayenera kukaonekera kuchipatala ku Kabudula n'kutengako mankhwala. Adayesapo kamodzi kuzungulira kumtunda pa njinga yamoto, n'kukomoka panjira. Choncho dzinja likafika a Tobias ankawabereka kumsana, madzi ali m'chiuno, n'kukakwera kabaza kutsidya.

Mu Febuluwale 2022 padafika galimoto yoyera pagolosale ya a Hamidu Saidi, amenenso ndi eni chigayo. Mudatsika mayi wina dzina lake Mirriam, wochokera ku kampani ya mainjiniya mu Lilongwe. Adatiuza kuti boma lapeza ndalama zokonzera misewu ndi milatho. Misewu yofunika kukonza ilipo khumi ndi inayi, koma ndalamazo zikwanira isanu ndi umodzi yokha. Ati kuti asankhe bwino awerenga galimoto zodutsa pamsewu uliwonse kwa sabata yathunthu, ndiye akufuna munthu wodziwa kulemba, wokhulupirika.

Ndipo ife, uchitsiru wathu, tonse tidaloza a Tobias. Tidawomba ndi m'manja momwe, amayi n'kuyimba nthungululu.

Mayiyo adatsikira nawo kumtsinje, n'kukhoma chikhomo chofiira pafupi ndi chipilala cha mlatho wakale. Adawapatsa mapepala asanu ndi awiri okhala ndi mizere: wa galimoto zing'onozing'ono, wa maminibasi, wa malole, wa njinga zamoto, wa ngolo.

"Chilichonse mwa izi chikawolokera tsidya lina, muzilemba kandodo kamodzi pamzere wake," adatero a Mirriam. "Kuyambira sikisi m'mawa mpaka sikisi madzulo. Mwamva eti, bambo?"

"Ndamva, mayi. Imeneyi ndiye ntchito yanga yakale."

Lolemba a Tobias adalawirira ndi mpando ndi ambulera, atavala malaya oyera a kutchalitchi. Mtsinje udali wodzadza. Adawoloka amayi atasenza madengu a tomato, adawoloka ana asukulu atamangirira yunifolomu kumutu, adawoloka aphunzitsi nsapato zili m'manja. A Tobias adafunafuna mzere wa anthu oyenda pansi papepala lija, koma padalibe. Dzuwa litafika paliwombo pepala lidali mbee, ndipo adayimbira foni a Mirriam.

"Mayi, kuno sikukudutsa galimoto."

"Lembani ziro, bambo."

"Komatu sizikudutsa chifukwa mlatho palibe."

"Ee, tikudziwa. N'chifukwa chake tikuwerenga."

"Mukuwerenga kuti mudziwe chiyani kodi?"

"Kuti tidziwe ngati pamenepo pakufunikadi mlatho."

A Tobias adayang'ana foni, adayang'ana mtsinje, n'kuyang'ananso foni. Adafuna kufunsanso, koma mayunitsi adatha. Pampando paja adangodziuza kuti mwina mutu wa Sitandade 8 ndiwo ukuchepa. Madzulo ake adakagula kope kwa a Hamidu, n'kuyamba kulembamo paokha anthu onse owoloka wapansi, poti zidawawawa kuona anthu akuvutika popanda wowalemba.

Lachitatu padachitika zowazunguza mutu. Adafika wakabaza, n'kuzimitsa njinga yake yamoto, amuna anayi n'kuyinyamula pamapewa mpaka kutsidya. Nanga imeneyo ilembedwe? Matayala sadakhudze pansi, injini idali zii. Kodi ndi galimoto kapena ndi katundu? Adalimbana nayo nkhaniyo theka la ola, bolopeni ili kukamwa. Pomaliza adalemba kandodo, pambali pake n'kuonjezera ndi timalemba ting'onoting'ono kuti, "Yachita kunyamulidwa."

Lachinayi ndiye kudabwera a Hamidu ndi pikapu yawo. Adatsetsereka mpaka pachikhomo, n'kuliza hutala, n'kutembenuka. Adakafika pachulu, n'kubwereranso, hutala pii! Adatero kasanu, matope ali thapwithapwi, kenako adatulutsa mutu pawindo.

"Kalaliki, lembani faifi pamenepo!"

"Simudawoloke, achimwene."

"Ndiwolokera pati, pamsana panu?" adakalipa a Hamidu akutsika. "Mlatho usanagwe pikapu iyi inkadutsa pano kanayi patsiku. Malole a fodya, a soya, minibasi ya a Enock, zonse zinkadutsa pano. Lembani zimene zikadadutsa."

"Pepalali silikufunsa zimene zikadadutsa."

"Aaa, inu a Kachigamba! Mukuganiza kuti wowerenga kumsewu wa kumtunda uja akulemba ngati ali paguwa? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Odwala ali m'nyumba mwanu, osati mwanga."

Mawu amenewo adawalasa a Tobias, koma sadalembe. Adali ndi mantha kuti eni ntchito akadzatulukira bodza adzataya mapepala onse. Komanso, kunena zoona, ankakhulupirira kuti munthu wophunzira akaona maziro ali ndandanda pamsewu wa anthu ochuluka chotere, adzazindikira yekha kuti pamenepa zinthu zavuta.

Madzulo a tsikulo Nambewe, akusankha nyemba pakhonde, adafunsa mwakachetechete. "Bambo a Pamela, kodi pepalalo lingamve kuwawa mutaliwonjezera malole awiri atatu?"

"Nambewe, anthuwa adapita ku yunivesite. Sangalephere kuona chimene ine ndi iwe tikuona."

Nambewe adangopitiriza kusankha nyemba zawo.

Sabata itatha a Mirriam adadzatenga mapepala. Njinga zamoto zisanu ndi zinayi, zonse zonyamulidwa, kwina konse ziro. Adayamikira kuti sadaonepo mapepala aukhondo chotere. Kope lija, mmene mudali anthu 2,816, adalilandira ndi manja awiri, n'kulonjeza kuti akaliphatikiza kumapeto kwa lipoti.

Yankho lidabwera mu Ogasiti, pamsonkhano wa pabwalo la sukulu. Bambo wina wa jekete, wochokera kuboma, adawerenga misewu isanu ndi umodzi imene yasankhidwa. Msewu wa kumtunda udalipo, ati udapezeka ndi galimoto mazana atatu patsiku, ndiye uthiridwa tara ndi kumangidwa milatho iwiri. Wa Kamwala padalibe. Maso onse pabwalopo adatembenukira kwa a Tobias. Iwo adaimirira, chipewa chili m'manja.

"Bwana, pepani, ndine ndidawerenga pano. Galimoto zimene mudazipeza kumtundako ndi zathu. Pikapu ya a Hamidu awa imadutsa kumeneko. Minibasi ya a Enock imadutsa kumeneko. Zikuzungulira chifukwa kuno kulibe mlatho."

"Mukunena zoona, bambo," adayankha wa jekete uja mwaulemu. "Koma eni ndalama amafuna msewu umene ukugwira ntchito. Manambala onse amalowa mu kompyuta, ndiyo imasanja."

"Nanga kope langa la anthu oyenda pansi?"

"Lilipo kumapeto kwa lipoti, ndidaliona. Koma mu kompyutamo mulibe polowetsa anthu oyenda pansi."

"Ndiye kuti tipatsidwe mlatho pafunika galimoto zizidutsa?"

"Eya."

"Ndipo kuti galimoto zidutse pafunika mlatho?"

Bamboyo adakanda kumutu, n'kutsegula mapepala ake ngati yankho lili m'menemo. "Musadandaule, mlatho wanu uli m'gawo lachiwiri."

"Gawo lachiwirilo ndi liti?"

"Ndalama zina zikapezeka. Tidzabweranso kudzawerenga."

"Pamalo pomwepaja?"

"Pomwepo, bambo. Malamulo ake amatero."

A Tobias adakhala pansi pang'onopang'ono, ndipo mpaka msonkhano kutha chipewa chija adayiwala kuvala.

Ife anthu ndife oipa. Tidayiwala kuti tidawasankha tokha, n'kuwapatsa dzina loti a Ziro. Pamaliro anthu ankawasiyira benchi yonse. Koma chimene chinkawadya kwambiri si dzinalo ayi. Nkhaniyo inkakana kulowa m'mutu mwawo. Adapita kwa ahedi a sukulu, n'kujambula pansi ndi kamtengo mtsinje, mlatho ndi msewu wa kumtunda, kuti awafotokozere pamene iwo akusochera. Ahedi adati zachitukuko ndi zovuta. Adapita kwa akatekisiti kukafunsa ngati kunena zoona kungakhale tchimo. Akatekisiti adati ayi, koma adayankha akuyang'ana kumbali. Pamela, mwana wawo wokwatiwa ku Mpingu, adangowauza pafoni kuti, "Adadi, dziko lino silifuna anthu ngati inu." Iwo adabwerabe osamvetsa. Zaka zonse za pasikelo nambala yoona inkateteza wosauka, nanga idatembenuka liti?

Dzinja lotsatira adawolotsabe Nambewe kumsana. Koma mu Disembala 2023, ali pakatikati pa mtsinje, msana udawagwira, bondo n'kugwada. Onse awiri adagwera m'madzi, ndipo adachita kuvuulidwa ndi anthu amene ankadikira kutsidya. Kuyambira tsiku limenelo a Tobias sangathenso kunyamula ngakhale ndowa. Alipo amuna amene amawolotsa anthu pamenepo, koma Nambewe adakanitsitsa. Adati iwo sangakwere pamsana pa mwamuna wa eni, anthu akuonerera, zitenje zili m'mwamba. Januwale sadapite kuchipatala. Miyendo idayamba kutupa, ndipo kabala kamene kadatuluka pachala chakuphazi kadakana kupola.

Mu Febuluwale foni idalira. Adali a Mirriam.

"Bambo Kachigamba, gawo lachiwiri lija layandikira, tikuwerenganso. Ku ofesi akuti tifunefune inuyo, poti mapepala anu ndiwo adali olongosoka kuposa onse."

A Tobias adayang'ana pamphasa pamene Nambewe adakhala, phazi atalikulunga kansalu, n'kuvomera.

Lolemba adatsikiranso kumtsinje ndi mpando wawo. Chikhomo chidali chitazikidwa chatsopano, pamalo pomwe paja. Madzi adali odzadza mpaka m'mabango, msewu uli phee mbali zonse ziwiri. Adadikira mpaka eyiti koloko. Kenako adayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa bolopeni pamzere wa malole. Adalemba kandodo kamodzi. Adapuma, thukuta lili kamukamu, n'kulembanso kachiwiri. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, bodza lake loyamba papepala, ndipo adamva manyazi ngati wavula pamsika.

Atafuna kulemba kachitatu dzanja lidaima. Nanga alembe angati? Akalemba ochepa, kompyuta ija idzatinso pano sipafunika mlatho. Akalemba ambiri, wina kumeneko adzafunsa kuti malole onsewa akuwoloka bwanji, ndipo mwina adzati ngati akuwoloka chonchi ndiye kuti mlatho ndi wosafunika.

Ali m'maganizo choncho adatulukira a Hamidu wapansi, akupita kutsidya kukaona m'bale wawo. Chiyambire tsiku la pikapu lija awiriwa ankangopatsana moni wouma. A Tobias adawakodola, n'kuwaonetsa pepala. A Hamidu adaona tindodo tiwiri tija, adaona msewu wopanda kanthu, ndipo sadaseke.

"Achimwene," adanong'ona a Tobias, misozi ili lengelenge, "inu mumadziwa zinthu izi. Kuti Nambewe awoloke pamlatho, pakufunika malole angati?"

A Hamidu, munthu amene sasowa choyankha, adavula kofia n'kuyang'ana madzi nthawi yaitali.

"Sindikudziwa, a Kachigamba," adatero. "Ndithu sindikudziwa."

Adakwinya buluku lawo n'kulowa m'madzi. A Tobias adatsala okha pampando paja ndi malole awo awiri abodza, osadziwa ngati awonjezere kapena afufute, uku kunyumba Nambewe akuwadikira kuti akawatsuke bala.